Kodi ndi tchimo kulowetsa ndale pa nkhani ya namondwe?

Mayi wina amene nyumba yake inakokoloka ndi namondwe wa Freddy wandilembera pa imelo, kufunsa ngati akulakwa kuloza chala atsogoleri, popeza anzake a kumpingo amuuza kuti ngozi ndi chifuniro cha Mulungu. Mayi, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa mawu omwewo anandiuzanso ine ndili pamzere wolandira ufa.

Mu Malichi 2023 ndinkachita lendi ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Mvula inagwa usana ndi usiku osakata, kufikira pamene tinamva mkokomo wochokera kuphiri umene tinayamba tauyesa bingu. Anatidzutsa ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe, amene anamenya chitseko ndi mwala, ndipo tinatuluka ndi ana osavala nsapato. Kutacha, pamalo pamene panali nyumba za anzathu panali miyala ikuluikulu, ndipo anthu ankafukula matope ndi makasu, ena ndi manja, kufunafuna abale awo. Tinakagona m'kalasi pasukulu, mabanja ambiri m'chipinda chimodzi, tikuopanso kolera amene anali atapha kale anthu ambiri m'dziko muno. Akuluakulu anabwera ndi magalimoto, anajambulitsa akupereka ndowa ndi mabulangete, kenaka anapita. Palibe amene anatiuza kumene tidzamange.

Mvula ndi ya Mulungu, sindikukana. Koma si Mulungu amene anagulitsa mapuloti m'mphepete mwa phiri, kapena amene anayang'ana kumbali pamene mitengo ya pa Soche ndi pa Ndirande inkatha. Munthu wosauka samanga pamalo otere chifukwa chokonda kuona mzinda ali pamwamba, koma chifukwa malo abwino mu Blantyre sangawakwanitse. Ndipo Freddy sanatidzidzimutse monga ena amanenera, pakuti Idai anabwera mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndipo Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mpaka tinakhala mumdima miyezi yambiri. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa ndi Freddy, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Wokuuzani kuti mukhale chete pa zinthu zotere akuteteza munthu wina, osati Mulungu.

Za malamulo obwera maliro atachitika

Lamulo lakale loona za ngozi linapangidwa mu 1991, napolo atasesa midzi ku Phalombe. Linakhala zaka zoposa 30, maboma a zipani zosiyanasiyana akusinthana, ndipo aphungu anavomereza latsopano mu 2023, Freddy atapha kale anthu. Nchifukwa chake sindikhulupirira kuti kusintha mtsogoleri wa dziko pakokha n'kokwanira. Mu Seputembala 2025 tinasinthanso boma, koma mapiri ndi ngalande zotsekeka ndi zinyalala sizidziwa mtundu wa nsalu ya chipani.

Tsono lankhulani, mayi, koma musalankhule nokha. Sonkhanani ndi anzanu amene munali nawo kumsasa, mulembere kalata khansala ndi phungu wanu, muwafunse za malo osamukirako ndi tsiku limene adzakuyankheni, ndipo musunge kope lake kuti mudzawaonetse akadzabwera kudzapempha voti.