Achimwene, a Meshuggah amadziwa chomwe akuchita

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Akuti mnzawo wakuntchito anawabwereka mahedifoni kuti amve gulu loimba nyimbo za metal lotchedwa Meshuggah. Anangopirira mphindi ziwiri, mutu waa! nkubweza. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi anthu amenewa amadziwa chomwe akuchita, kapena aliyense amangomenya zake? Nanga anafika bwanji pamenepa?"

Zikomo achimwene, mwandikanda poyabwa. Amadziwa, ndipo ndikufuna mukamvenso.

Gululi linayamba mu 1987 ku Umeå, kumpoto kwa dziko la Sweden, kumene mu Disembala dzuwa limangowala maola anayi okha basi. Dzina lawo likuchokera ku mawu a Chiyidishi otanthauza wamisala. Oyambirira amene akadalipo mpaka lero ndi Jens Kidman, uja mumamumva akukuwayo, ndi Fredrik Thordendal wa gitala. Tomas Haake, woimba ng'oma, analowa mu 1990. Chimbale chawo choyamba, Contradictions Collapse cha mu 1991, mukachimva mudzangoti awa ndi anyamata okonda Metallica, gulu lotchuka la metal la ku America. Kuthamanga kulipo, ukali ulipo, koma mawu awoawo anali asanawapeze.

Zinthu zinatembenuka Mårten Hagström atabwera kudzatenga gitala yachiwiri, Kidman nkusiya gitala kuti azingoimba ndi pakamwa. Kenaka kunagwa ngozi. Thordendal, yemwe anali kalipentala, anadula nsonga ya chala chake, ndipo Haake anavulala dzanja pamakina opalira matabwa. Anakhala miyezi ingapo osaimba. Atachira anatulutsa Destroy Erase Improve mu 1995, ndipo apa mpamene Meshuggah yeniyeni inabadwa.

Tsono ndikuuzeni chimene chinakuzunguzani mutu. Tiyerekeze kuti mukuwomba m'manja mofanana, kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, nkuyambiranso, mpaka kuwomba ka 16. Mnzanu pambali akuponda pansi kamayendedwe kake kotenga kuwomba kasanu. Akabwereza katatu wafika pa 15, ndiye amadulira kachidutswa kamodzi kuti nonse mukumane pa 16. Pakati ponsepo mumaoneka ngati mwasemphana, koma pothera mumagwera pamodzi, di! Ndi zimene amachita amenewa. Magitala pamodzi ndi mapazi a Haake amayenda m'kawerengedwe kokhota, pamene dzanja lake lamanja limamenya mbale yachitsulo ya pang'oma (cymbal) mofanana osasintha, ndipo kang'oma kakang'ono kotchedwa snare kamalira pa kugunda kwachitatu. Munthu mmodzi, thupi logawika pawiri. Inu munatsatira magitala, nchifukwa chake munasochera. Tsatirani mbale yachitsuloyo. Mudzadabwa kuona khosi lanu likugwedera lokha.

Ine zinanditsegukira nditakumbukira ng'oma za gule wamkulu. Ng'oma zina zimagwira mayendedwe osasuntha, pamene mbalule amayankhula zake pamwamba, kutsatira mapazi a wovina, kuchoka nkubweranso. Sindikunena kuti anyamata a ku Umeå anaphunzira kwa ife, ayi. Ndikungoti khutu limene linakulira pafupi ndi bwalo silifunika kuphunzitsidwa kumva mayendedwe awiri nthawi imodzi. Mphatso imeneyi muli nayo kale.

Chimbale cha Chaosphere cha mu 1998 chinali chothamanga ndi chaukali kuposa, sindichedwapo. Chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi Nothing cha mu 2002, chifukwa apa anachita zosemphana ndi zimene anthu ankayembekezera. Anachepetsa liwiro. Anatsitsa magitala pansi penipeni, mpaka kumalira ngati besi. Nyimbozo anazipekera magitala a nsambo 8, koma zidazo zinali zisanakhale bwino, ndiye anajambula ndi a nsambo 7 atazimasula kuti zilire motsika, ali pa liwiro lokaimba nawo ku Ozzfest, chikondwerero cha nyimbo za metal, chaka chomwecho. Mtima sunawakhale pansi. Mu 2006 anajambulanso magitala onse ndi a nsambo 8 enieni nkuchitulutsanso. Pa chimbale chimenechi gitala inasanduka ng'oma. Nthawi zambiri amangokhala pa nsambo imodzi, mawu awiri kapena atatu okha, nkhani yonse ili pa kamenyedwe. Pamwamba pake Thordendal amadutsa ndi kuliza kwake kofewa, koyandama, kumene anatengera kwa Allan Holdsworth, katswiri wa jazz wa ku England. Kukoma kwake kuli pomwepo, kanthu kofewa kakuyenda pamwamba pa miyala.

Atatero anayamba kuyesa malire. Mu 2004 anatulutsa chimbale chotchedwa I, nyimbo imodzi ya mphindi 21. Mu 2005 kunabwera Catch Thirtythree, nyimbo imodzi ya mphindi 47 yogawidwa m'zigawo 13, ndipo ng'oma zake sanamenye munthu, anazikonza pakompyuta ndipo sanabise. Ena zinawawawa. Ine ndimachikonda, koma musayambire kumeneko.

Mu 2008 Haake anabwerera pampando wake ndi chimbale cha obZen. Muli nyimbo yotchedwa Bleed, imene mapazi ake amagunda kamayendedwe kofulumira kosapumira, ndipo zinamutengera miyezi kuti aikwanitse. Mpaka lero oimba ng'oma amayeserana mphamvu pa nyimbo imeneyi, kaoneni pa YouTube. Pofika nthawi imeneyo kunali kutabadwa magulu ngati Periphery, TesseracT ndi Animals as Leaders, otsatira njira yomweyi, ndipo mtundu wa nyimbowu unapatsidwa dzina loti djent. Dzinali limandisangalatsa chifukwa ndi mvekero chabe, kutsanzira kulira kwa nsambo yokhuthala ikamenyedwa dzanja litaitsamira, monga ife timanenera kuti thi! kapena phwa!

Koloss cha mu 2012 ncholemera ndi chodekha. The Violent Sleep of Reason cha mu 2016 anachijambula ku Denmark onse akuimbira pamodzi mu situdiyo, ndipo mumamva thukuta lake. Nyimbo ya Clockworks ya m'menemo inapikisana nawo pa mphoto za Grammy. Immutable chinatuluka mu 2022, patadutsa zaka 35 chiyambireni.

Za kukuwa kwa Kidman, ndikudziwa kuti kumavuta kwa ife amene tinakulira m'makwaya. Musafunemo nyimbo yoti muziimba nawo. Mumveni ngati ng'oma ina, chifukwa mawu ake amagwa pa kugunda ndendende.

Ndiye achimwene, mukabwereke mahedifoni aja kachiwiri, sipika ya foni imameza besi yonse. Muyambe ndi Rational Gaze, nyimbo yachiwiri pa Nothing. Khalani pansi, dzanja pabondo, muzimenya limodzi ndi mbale yachitsulo ija, magitala muwasiye apite kumene akupita, abwera okha. Mukamva katatu mundilemberenso, ndikufuna ndimve kuti khosi linayamba kugwedera pa mphindi iti.