Mafunso Anu: Kuona Tizilombo ta M'madzi pa Maikulosikopu

Funso: Pasukulu pathu tili ndi maikulosikopu ya kalirole. Ndinatunga madzi kunyanja kuti ana aone tizilombo ta m'madzi, koma chomwe tinaona ndi kuwala kokhakokha. Kodi makinawa ndi owonongeka? (Mphunzitsi wa sayansi, Salima)

Yankho: Aphunzitsi, musafulumire kuwataya makinawo. Kawirikawiri vuto limakhala pomwe mwatunga madzi komanso kuchuluka kwa kuwala.

Madzi oyera mbee a pamwamba pa nyanja amakhala ndi tizilombo tochepa, moti dontho limodzi likhoza kukhala lopanda kanthu. Tizilomboti timaunjikana pomwe pali chakudya: pa masamba oola a m'mphepete mwa dambo, pa mizu ya namasupuni, pa ndere yoterera ya pamiyala, ndi pamwamba pa matope a pansi pa chithaphwi. Tengani botolo lakukamwa kwakukulu, lotsukuluzidwa bwino kuti lisakhale ndi sopo. Finyiranimo zomera za m'madzi, palani ndere pang'ono ndi supuni, muikemonso timasamba tiwiri kapena titatu toola. Madzi alekeze pakati pa botolo ndipo musatseke kwambiri, chifukwa tizilomboti timafuna mpweya. Likhazikeni pamthunzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti zinyalala zidikhe, kenako tengani dontho lanu pansi, pamwamba penipeni pa zinyalalazo.

Za kuwala ndiye zimapusitsa anthu ambiri. Tizilombo tambiri ta m'madzi ndi toonekera mkati, ndiye kuwala kukachuluka timazimiririka ngakhale tili pomwepo. Pansi pa kathebulo koikapo silaidi pali dayafulamu, kachitsulo kokankha kapena kambale kozungulira ka mabowo osiyana kukula. Ichepetseni pang'onopang'ono uku mukuyang'ana, mpaka m'mbali mwa zinthu muyambe kuoneka bwino. Mukaichepetsa mopitirira, chithunzi chimada ndipo chimachita timizeremizere. Kalirole mulozetse ku mtambo woyera kapena ku khoma loyera lomwe lawalidwa. Musamulozetse ku dzuwa ngakhale kamphindi, chifukwa kuwala kwake kukasonkhanitsidwa ndi magalasi kumawononga diso.

Yambani nthawi zonse ndi lenzi yaifupi, yolembedwa 4x. Lenzi ya kudiso ikakhala 10x, ndiye kuti mukukuza ka 40, ndipo malo omwe mukuwaona ndi otambalala pafupifupi mamilimita 4 kapena 5. Pezani kaye kachinyalala kapena m'mphepete mwa kagalasi kovindikira, muonetsetse kuti kakuoneka bwino, kenako muziyendetsa silaidi. Mukapeza choyenda, chiikeni pakati musanasinthire ku 10x. Kumbukiraninso kuti chithunzi chimakhala chozondoka: mukakankhira silaidi kumanja, zinthu zimaoneka ngati zikupita kumanzere.

Funso: Ndikakonza silaidi ndimaona timipira tozungulira tokhala ndi mkombero wakuda bii. Anzanga akuti ndi mazira a tizilombo. Ndi zoona? (Wophunzira wa Fomu 3, Zomba)

Yankho: Ayi, timeneto ndi tithovu ta mpweya. Timabwera mukagwetsa kagalasi kovindikira chafufumimba pa dontho. Ikani dontho limodzi lokha pakati pa silaidi, pogwiritsa ntchito dilopa kapena sirinji yopanda singano. Gwirani kagalasi m'mbali, kakhudzitseni ku dontho mbali imodzi kali kopendekeka pafupifupi madigiri 45, mudikire madzi ayende m'mphepete mwake, kenako katsitseni pang'onopang'ono mutakachirikiza ndi nsonga ya singano. Mpweya umathawira kumbali.

Madzi akachuluka kagalasi kamayandama ndipo chilichonse chimangoyenderera mbali imodzi. Khudzitsani kapepala ka tishu m'mphepete kuti kayamwe otsalawo. Pansi pa silaidi pakhale pouma, apo ayi imamatirira pa kathebulo.

Funso: Tizilombo ndikutiona ndithu, koma tikuthamanga kwambiri moti sindikutha kutijambula m'kope. Pakapita mphindi zochepa timaima kenako timaphulika. Nditani? (Wophunzira wa uphunzitsi, Lilongwe)

Yankho: Liwirolo limaoneka lalikulu chifukwa makina amakuza mtunda womwe kachilombo kayenda. Mukakuza ka 400, malo omwe mukuwaona sakwana theka la milimita, ndiye kachilombo kamadutsa musanaphethire. Njira yosafuna ndalama ndi thonje. Mwazani timaulusi tochepa kwambiri ta thonje pa silaidi, tipingasane, mudonthezepo madzi anu n'kuvindikira. Tizilombo timatsekeredwa m'timipata ta pakati pa ulusiwo ndipo timangozungulira pamalo amodzi. Thonje likachuluka kagalasi kamatukuka ndipo lenzi ya 40x imakagunda. M'malabotale amagwiritsa ntchito methyl cellulose, mankhwala onanda omwe amasakaniza ndi dontho kuti tizilombo tiziyenda movutikira popanda kufa.

Kuphulikako kumachitika chifukwa madzi akamauma kagalasi kamatsika n'kupsinja tizilombo, ndipo babu yotentha imafulumizitsa zimenezi. Nthawi yabwino yojambula ndi pomwe tangoyamba kufooka, tisanaphwanyike. Mukafuna kuti silaidi ikhalitse, onjezerani kadontho ka madzi omwewo m'mphepete mwa kagalasi, kapena pakani vaselini wochepa m'mbali zonse zinayi kuti madzi asaume. Kwa tizilombo tokulirapo monga Daphnia, ikani timadontho ta vaselini m'makona anayi a kagalasi kuti kakhale ndi timiyendo. Muzizimitsa nyale pomwe simukuyang'ana. Musaonjezere madzi a pampopi chifukwa kulorini amapha tizilomboti.

Utoto wa ayodini ndi wa methylene blue umaonetsa bwino za mkati mwa selo, koma ayodini amapha nthawi yomweyo. Yambani mwaona kayendedwe kake, utoto ubwere pomaliza.

Funso: Ndingadziwe bwanji dzina la chomwe ndikuona? (Wowerenga, Mangochi)

Yankho: Yang'anani zinthu zitatu: kukula, mtundu, ndi kayendedwe. Pofuna kudziwa kukula, ikani rula yoonekera mkati pa kathebulo ndi lenzi ya 4x, muwerenge mamilimita omwe akukwana m'bwalo lowalalo. Mukasinthira ku 10x bwalolo limakhala pafupifupi mamilimita 1.8. Kachilombo kotenga gawo limodzi mwa magawo 9 a bwalolo ndiye kuti ndi kotalika mamilimita 0.2.

Paramecium amakula pafupifupi chomwecho. Ndi wotuwa, wotalikirapo, thupi lonse lili ndi timaubweya tomwe amapalasira, ndipo amasambira akudzipotokola. Akagunda chinthu amabwerera m'mbuyo pang'ono, kutembenuka, n'kupitanso. Mukamukuza ka 400 muona timatumba tiwiri towala tomwe timatupa n'kuphwa mosinthana, ndito timatulutsa madzi ochuluka m'thupi mwake. Euglena ndi wamng'ono kuposa pamenepo, wobiriwira, ali ndi kadontho kofiira kutsogolo ndi kachingwe kamodzi komwe amasambirira. Amoeba ndi amene anthu ambiri amamudumpha, chifukwa amaoneka ngati kachinyalala kotuwa. Muyang'anitsitseni kwa mphindi imodzi, muona timchenga ta mkati mwake tikuyenderera ku mwendo womwe ukutuluka. Vorticella amakhala ngati kabelu kokhala pa kachingwe komatirira ku chinyalala. Mukagogoda pa tebulo kachingweko kamapindana mwadzidzidzi, kenako kamatambasuka pang'onopang'ono. Rotifer ali ndi timaubweya kumutu tomwe timaoneka ngati magudumu awiri akuzungulira, ndipo mkati mwake mumaoneka chinthu chikugundagunda. Ambiri amati ndi mtima, koma ndi nsagwada zoperera chakudya.

Mtima weniweni muuona pa Daphnia, yemwe amakula milimita imodzi kapena kuposa ndipo amaoneka ndi maso ngati kadontho kodumphadumpha m'botolo. Muikeni pa 4x, muyang'ane chakumsana, kumbuyo kwa diso lake lakuda. Palinso Cyclops, wa diso limodzi pakati pa mutu, yemwe wamkazi wake amanyamula timatumba tiwiri ta mazira kumchira.

Pa tizomera, ulusi wobiriwira wokhala ndi mzere wopotana mkati ndi Spirogyra. Timabokosi ndi timabwato tofiirira ta m'mbali mowongoka ndi ma diatom, omwe zigoba zawo ndi za silika. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, m'dziko la Netherlands, anafotokoza zina mwa zimenezi mu 1674 atayang'ana madzi a m'nyanja ina yaing'ono pa makina a galasi limodzi lokha omwe anapanga yekha, choncho makina a kusukulu ndi okwanira.

Funso: Ndili ndi maikulosikopu kunyumba. Kodi ndingayeze madzi a pachitsime chathu kuti ndione ngati muli kolera? (Mayi, Nsanje)

Yankho: Mayi, musadalire njira imeneyi, ingaike banja lanu pangozi. Bakiteriya ya kolera ndi yotalika mamaikiromita awiri kapena atatu okha, ndipo maikiromita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mukakuza ka 400 mabakiteriya amangooneka ngati timadontho tonjenjemera, ndipo simungasiyanitse oyambitsa matenda ndi osavulaza. Kuonjezera apo, madzi otha kudwalitsa munthu akhoza kukhala ndi mabakiteriya ochepa kwambiri moti m'dontho lomwe mwatenga mulibe. Mavairasi ndiye saoneka n'komwe, chifukwa makina ogwiritsa ntchito kuwala saonetsa chinthu chochepera mamaikiromita 0.2. Ku labotale amasefa madzi, n'kudzala zotsalira pa chakudya chapadera, n'kudikira kuti mabakiteriya achulukane asanagamule. Madzi akumwa muziwawiritsa kapena kuthira kulorini, kaya silaidi yaonetsa chiyani.

Ndipo kwa onse otunga madzi oti akayese, samalani likodzo. Tizilombo take timatuluka mu nkhono za m'madzi odikha, timasambira ndi mchira wa mphanda, ndipo timalowa pakhungu ngakhale palibe bala. Malo a zomera omwe tawayamikira pamwambapa ndi omwenso nkhonozo ndi tizilomboti zimapezeka, kaya ku nyanja ya Malawi, ku Chilwa kapena m'madambo a mpunga. Valani magolovesi ndi majombo, kapena mangirirani kapu ku ndodo yaitali. Ana asalowe m'madzi, asayamwe madzi ndi pakamwa podzaza kapaipi, ndipo asambe m'manja ndi sopo akamaliza.

Funso: Nthawi ya chilimwe zithaphwi zonse zimauma. Tingapeze kuti tizilombo tophunzitsira? (Mphunzitsi, Mzimba)

Yankho: Tiweteni nokha. Dulani udzu wouma wodzaza dzanja limodzi, muuike m'botolo la lita imodzi, muthire madzi a mumtsinje, a pachitsime, kapena a pampopi omwe mwawawiritsa n'kuwaziziritsa. Onjezerani supuni imodzi ya dothi louma la pansi pa chithaphwi, popeza tizilombo tambiri timadzitsekera m'zigoba madzi akauma ndipo timadzuka tikanyowa. Vindikirani ndi kansalu, muike powala koma posafika dzuwa. Pakatha masiku awiri kapena atatu madzi amachita mbuu ndipo amanunkha, pamwamba pamabwera kachikopa ka mabakiteriya. Pakati pa sabata imodzi ndi ziwiri tizilombo todya mabakiteriya timachuluka. Tengani dontho pansi penipeni pa kachikopako, pafupi ndi udzu. Madzi akada bii ndi fungo la mazira oola ndiye kuti udzu unachuluka ndipo mpweya watha. Tayani theka, muonjezere madzi ena. Mukamaliza phunziro thiranimo jiki musanataye.

Funso: Chithunzi chimaoneka mwachimbuuzi, ndipo m'lenzi muli tinthu ngati ndandala ya kangaude. Ndipukute ndi chiyani? (Wothandiza mu labotale ya sukulu, Mulanje)

Yankho: Pezani kaye pomwe pali litsiro. Zunguzani lenzi ya kudiso: madontho akamazungulira nayo, litsiro lili pamenepo. Akamayenda ndi silaidi, ndiye ndi silaidi. Chimbuuzi chikamaoneka pa lenzi imodzi yokha, makamaka ya 40x, kawirikawiri ndiye kuti inakhudza madzi kapena mafuta. Lenzi imeneyi imayandikira kagalasi pafupifupi theka la milimita, choncho mukakhala pa 40x muzigwiritsa ntchito chopotokola chaching'ono chokha poonetsetsa chithunzi. Uzirani fumbi ndi kampira kopopera mpweya, kenako pukutani mopepuka ndi pepala la malenzi lonyowetsedwa pang'ono ndi mankhwala otsukira malenzi, kuyambira pakati kupita kunja. Malaya, mpango ndi tishu wamba zimakanda galasi.

Zooneka ngati ndandalazo ndi nguwi, yomwe imamera pa galasi m'malo a chinyontho monga kwanuko nthawi ya dzinja. Ikakhalitsa imadya galasi ndipo chipsera chake sichichoka. Ikakhala mkati mwa lenzi musamasule nokha, perekani kwa odziwa kukonza. Popewa, musasunge makina m'pepala la pulasitiki lotsekeratu muli chinyezi. Aikeni m'bokosi lotseka bwino limodzi ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, ndipo silica gelyo muzimuumitsa pamoto wochepa akasintha mtundu.