Kwa amene mukugulitsa makina a AED: yambani ndi chidole, zikwangwani pambuyo

Achimwene, mwati mwangoyamba ntchito yogulitsa makina a AED, aja othandiza munthu amene mtima wake waima mwadzidzidzi, koma kulikonse kumene mwapita akukubwezani ndi mawu akuti zimenezo nza madokotala, nzodula, ndipo ndani angalimbe mtima kumenya mnzake ndi magetsi. Ndiye mukufunsa ngati muwonjezere ndalama zotsatsira pa Facebook kapena musindikize timapepala togawa. Ine ndikuti zonse ziwirizo zidikire kaye. Pezani chidole chophunzitsira CPR (kudinikiza pachifuwa cha munthu amene mtima waima kuti magazi aziyendabe) ndi makina oyeserera, amene amayankhula ngati enieni koma satulutsa magetsi, muziyenda nazo kulikonse. Palibe amene angagule chinthu chimene akuopa ngakhale kuchitsegula.

Mukafika pa kampani, pa sukulu kapena pa hotelo, musapemphe kuonana ndi abwana okha. Pemphani mphindi 20 ndi alonda, olandira alendo, okonza m'maofesi ndi aliyense amene amakhala pamalopo tsiku lonse. Gonekani chidolecho pansi, itanani yemwe akuoneka wamantha kuposa onse, mumupatse makinawo, inu mukhale chete. Akatsegula, makinawo ayamba kumuuza zochita. Mapadi awiri omata pachifuwa ali ndi zithunzi: limodzi limapita kumtunda kwa chifuwa kudzanja lamanja la wodwalayo, pansi pa fupa la m'khosi, lina kunthiti zakumanzere, pansi pa khwapa. Kenako makinawo amati pasakhale womukhudza wodwalayo, amayeza kagundidwe ka mtima, akatero ndi pamene amalola kudina batani. Muonetsetse nkhope ya munthuyo akamaliza. Abwana akaona mlonda wawo wachita zonsezo popanda womugwira dzanja, nkhani ya mtengo imayamba kukambika mwa mtundu wina.

Pa mantha a magetsi aja, yankho lake ndi lalifupi: amasankha ndi makinawo, osati munthu. AED imalola shoko, kutanthauza kumenya mtima ndi magetsi, pokhapokha ikapeza kuti mtima ukungonjenjemera mosalongosoka m'malo mopopa magazi, kapena ukuthamanga moti sukupopa kalikonse. Munthu wongokomoka, mtima ukugunda bwino, ngakhale mutadina batani kakhumi palibe chituluke. Muwauzenso kuti za m'mafilimu zija, mzere wa pa makina oonetsa kugunda kwa mtima utawongoka kenako dokotala n'kumenya magetsi munthu n'kudzuka, si mmene zimakhalira. Mtima umene waleka ngakhale kunjenjemera sulandira shoko, pamenepo chotsala ndi kudinikiza pachifuwa mpaka ambulansi itafika.

Chifukwa chake musagulitse makinawa popanda kuphunzitsa CPR. Munthu wagwa, sakuyankha, sakupuma bwino: wina aimbire ambulansi, wina athamangire AED, inu gwadani muyambe kudinikiza pakati pa chifuwa, kuya kwake masentimita 5 mpaka 6 kwa munthu wamkulu, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Malo amene anthu ambiri amatayirapo nthawi ndi pa kupuma. Munthu amene mtima waima nthawi zina amakoka mpweya modukizadukiza ngati akuliza mkonono, mwinanso amaphupha pang'ono, ndiye oima pambali amati akupuma, musiyeni, mwina ndi khunyu, n'kuyamba kumukupiza. Kumeneko si kupuma. Pamfundo imeneyi chedwanipo, ndipo muonetse ndi pakamwa panu mmene phokosolo limamvekera, ngakhale akusekeni. Mutchulenso nkhani ya amayi, chifukwa anthu amachita manyazi kuvula mayi pachifuwa pagulu, pamene mapadi amafuna khungu. M'bokosi muzikhala lumo, kansalu kopukutira thukuta, ndi lezala la amene ali ndi cheya chambiri pachifuwa.

Manambala musachulutse, awiri kapena atatu akwana, koma akhale oona. Mphindi iliyonse imene yadutsa popanda thandizo, mwayi wopulumuka umatsika ndi 7 mpaka 10 pa 100. Kafukufuku amene adatuluka mu 2000, wochitikira m'makasino (nyumba za juga) a ku America, adapeza kuti mwa anthu amene alonda adawapatsa shoko pasanathe mphindi zitatu, 74 pa 100 alionse adapulumuka, pamene mwa amene adailandira mphindi zitatu zitadutsa adapulumuka 49 pa 100. Mawu oti muwatsindike pamenepo ndi akuti alonda. Sadali madokotala. Dziko la Japan lidalola anthu wamba kugwiritsa ntchito makinawa mu 2004, ndipo lero ali m'masiteshoni a sitima, m'sukulu ndi m'mashopu.

Anthu a mpira nkhani amaidziwa kale, inu kwanu n'kungowakumbutsa. Marc-Vivien Foé wa Cameroon adagwa m'bwalo ku Lyon mu 2003 ndipo adamwalira. Christian Eriksen adagwa pa 12 June 2021 ku Copenhagen, Denmark ikusewera ndi Finland, adamuchitira CPR ndi kumupatsa shoko pabwalo pomwepo, ndipo chaka chotsatira adabwerera mu mpira atavala yunifomu ya Brentford. Nkhanizi muzizinena pakamwa pophunzitsa. Koma chonde musaike zithunzi zawo pa zotsatsa zanu. Chilolezo mulibe, komanso kugulitsa katundu ndi chithunzi cha munthu atagona pansi kumanyansa anthu amene mukufuna kuwakopa. Nthawi zambiri kutsatsa koopseza kumangochititsa munthu kuyang'ana kumbali.

Tsopano za amene mungawagulitse. Musataye nsapato kuyenda khomo ndi khomo, ngakhale kuti anthu ambiri mtima umawaimira ali kunyumba. Banja limodzi silingaone chifukwa chogulira. Pitani kumene anthu amachuluka kapena kumene amakhetsa thukuta: mabwalo a masewera, majimu, mafakitale, migodi, mabwalo a ndege, malo okwerera mabasi, mahotelo, nyumba zopemphereramo, sukulu zogonera konko. Pa kampani, mnzanu weniweni ndi ofesala woona za chitetezo cha ogwira ntchito, chifukwa iyeyo ali kale ndi bajeti ya zida za ngozi ndipo amadziwa kuti ambulansi imatenga nthawi yaitali bwanji kufika pageti pawo. Mufunseni funso limenelo poyera, ayankhe yekha. Ku sukulu za ana ang'ono mukumbuke kuti osafika zaka 8 kapena makilogalamu 25 ali ndi mapadi awo, kapena batani lochepetsa mphamvu, malinga ndi mtundu wa makina.

Akagula ntchito yanu sinathe, ndipo apa m'pamene ogulitsa ambiri amalephera. Makinawo amakatsekeredwa mu ofesi ya abwana kuopa akuba, kiyi ali m'thumba la munthu amene wapita kumsonkhano. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yendani nawo pamalopo muli ndi wotchi m'manja: kuchokera pakona yakutali kwambiri, munthu wothamanga apite akatenge n'kubwera pasanathe mphindi zitatu. Ngati sizitheka, malowo akufunika makina awiri, ndipo mwagulitsa achiwiri popanda kunama. Apachikidwe pakhoma poonekera, pamwamba pake pakhale chikwangwani chobiriwira cha mtima woyera wokhala ndi mphezi pakati, chimene chimadziwika m'maiko ambiri. Kumene kuli kaundula wa makinawa, monga The Circuit ku Britain, alembetseni kuti oyankha mafoni a ambulansi azidziwa pamene ali.

Mapadi amatha mphamvu chifukwa zomatira zake zimauma, batire nalo limatha, zonsezi pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu malinga ndi mtundu wake. Musabise zimenezi pokambirana mtengo. Zilembeni pa koteshoni yoyamba, limodzi ndi maphunziro obwereza chaka ndi chaka. Sungani madeti a kasitomala aliyense m'buku kapena pa kompyuta, muziwaimbira mwezi umodzi tsiku lisanakwane. Pamalopo pasankhidwe munthu mmodzi, dzina lake lilembedwe pabokosi, woti aziyang'ana kagetsi koonetsa kuti makina ali bwino. Ndalama yokhazikika ya bizinesi imeneyi ili m'mapadi, m'mabatire ndi m'maphunziro, osati m'makina enieniwo, amene munthu amagula kamodzi pa zaka zambiri. Inunso musaoode makina ongopezeka otchipa pa intaneti, amene alibe chilolezo cha bungwe loona za zida zachipatala, kapena amene mapadi ake simungawapeze chaka chamawa.

Mawu amodzi muwapewe: musalonjeze kuti makinawa apulumutsa aliyense. Ena adzamwalirabe zonse zitachitika bwinobwino, ndipo mlonda amene adayesetsa ayenera kuti adauzidwiratu kuti si mlandu wake.

Facebook ija ibwere pano. Jambulani kavidiyo ka mphindi imodzi ka wolandira alendo kapena mphunzitsi akugwiritsa ntchito makina oyeserera pachidole, atakulolani, mawu a makinawo akumveka bwino. Pa 29 September pamakhala tsiku lokumbukira za mtima padziko lonse, ndipo pa 16 October ndi Restart a Heart Day, tsiku lolimbikitsa anthu kuphunzira CPR. Masiku amenewa mawailesi amasowa woyankhula, ndiye gwirizanani ndi a Red Cross kapena a St John Ambulance ngati alipo kwanuko, mukaphunzitse anthu kwaulere pamalo oonekera, dzina la kampani yanu lili pa tebulo. Timapepala musindikize tochepa, toti muzisiyira amene agwira kale chidolecho, pakhale nambala yanu ndi masitepe a CPR kuseri.