Yankho kwa achimwene a ku Bangula pa nkhani ya setilaiti yolondera dzuwa

Achimwene, funso lanu ndinaliona m'mawa koma ndinali pantchito, mpata ndaupeza madzulo ano. Kwa amene simunalione: achimwenewa anamva pawailesi kuti boma la America lalipira ndalama zankhaninkhani kugula setilaiti yoona "nyengo ya mumlengalenga", ndiye akufunsa ngati izitichenjeza za madzi osefukira kuno ku Chigwa, komanso chifukwa chake boma lathu silikugula yathuyathu. Ena mwayankha kale kuti n'kuseweretsa ndalama basi. Ine ndikuona mosiyana, mundipirire chifukwa nditalikitsako.

Chimene chikutisokoneza ndi liwu lakuti nyengo. Setilaiti imeneyi siona mitambo kapena mvula, ndipo Ruo atadzaza mpaka kukokolola Makhanga, iyo siingadziwe n'komwe. Maso ake ali kudzuwa. Sikutinso ikuyeza kutentha kuja timapsa nako ku Ngabu mwezi wa Okutobala, ayi. Nkhani ndi yakuti dzuwa nthawi zina limaphulika pamwamba pake n'kulavula chimtambo cha tinthu tamagetsi, cholemera matani mabiliyoni, chonyamula mphamvu ya maginito. Kung'anima kwake kumafika kuno m'mphindi 8 zokha, koma chimtambocho chimayenda tsiku limodzi mpaka masiku atatu kapena anayi. Chikatipeza, munthu amene akupalira chimanga kudimba samva kalikonse m'thupi. Zimene zimavutika ndi mawaya ataliatali a magetsi, mathiransifoma, mawailesi a ndege, GPS ndi masetilaiti ena. Dzuwa limakwiya chonchi mosinthanasinthana, pafupifupi zaka 11 zilizonse limafika pachimake, ndipo chimake chaposachedwapa chinali cha m'ma 2024.

Si nthano za m'mabuku. Pa 13 Malichi 1989, chimtambo chotere chitafika n'kubweretsa chimene amati mkuntho wa dzuwa, chigawo cha Quebec ku Canada chinazima chonse, anthu pafupifupi 6 miliyoni anakhala opanda magetsi kwa maola 9. Mu Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX inatumiza masetilaiti 49 a Starlink, ndipo pafupifupi 40 anagwa n'kupsa patangopita masiku ochepa chifukwa mpweya wa kumwambako unafufuma ndi mkuntho wa dzuwa. Mu Meyi 2024 alimi a ku America anaimika mathirakitala pakati pa nyengo yobzala chifukwa GPS imene imawongolera mizere inasokonekera. Koma imene imandikhudza kwambiri ine ndi ya mu Okutobala 2003, chifukwa inafika pakhomo pa aneba athu: mathiransifoma akuluakulu angapo a Eskom ku South Africa anawonongeka pambuyo pa mkuntho wa mwezi umenewo. Kale anthu ankati vutoli ndi la mayiko ozizira a kumpoto okha. Za ku Eskom zinasonyeza kuti nafenso kuno kumwera kwa Africa tili m'njira.

Tsono setilaitiyo imathandiza bwanji? Ife a ku Chigwa tikhoza kumvetsa msanga kuposa aliyense. Mukudziwa mmene madzi amatipezera: kuno kuli gwaa, dzuwa likuswa mtengo, koma ku Mulanje ndi ku Thyolo yagwa usiku wonse. Amene amatipulumutsa ndi munthu wa kumtunda amene waona mtsinje ukukwera n'kuimba foni kuti chotsani ana ndi mbuzi. Ndimakumbukira usiku wina nthawi ya Freddy mu 2023, foni ya mlamu wanga inalira cha m'ma 11 koloko, batire litatsala pang'ono kutha. Mawu anali ochepa: "Madzi adutsa pamlatho, nyamukani." Tinakweza matumba a mapira pathandala, agogo tinawanyamula panjinga, ndipo pamene madzi ankalowa pabwalo ife tinali kale pamtunda. Sanatiletsere madziwo munthu uja, anangotipatsa nthawi.

Setilaiti imeneyi ndi munthu wa kumtunda ameneyo. Amaiika pamalo otchedwa L1, makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno kulowera kudzuwa. Ili ndi kamera imene imaphimba nkhope ya dzuwa, monga mmene timatchingira ndi chikhatho tikafuna kuona mbalame m'mwamba, kuti ione chimtambo chija chikamanyamuka. Pamenepo akatswiri amadziwa kuti chikubwera ndipo chifika tsiku lakuti. Koma ukali wake weniweni umadziwika pokhapokha chikadutsa pa setilaitipo, ndipo kuchokera apo kufika kuno ndi mphindi 15 mpaka ola limodzi. Zikumveka zochepa, koma n'zokwanira kuti oyendetsa magetsi achepetse katundu pamawaya, ndi kuti eni masetilaiti awaike pabwino.

Pa za kagulidwe m'pamene ndikufuna tikhazikike, chifukwa pali phunziro lathu. America yakhala ikudalira makina okalamba kwa nthawi yaitali. Setilaiti ya SOHO, ya mgwirizano wa NASA (bungwe la America loona za mumlengalenga) ndi bungwe la ku Ulaya la ESA, inapita mu 1995 ndipo inakonzedwa kuti igwire ntchito zaka ziwiri zokha. ACE inapita mu 1997. DSCOVR inapita mu 2015, koma inali itakhala m'nyumba yosungiramo katundu zaka zambiri isanatumizidwe, ndipo mu 2019 inasiya kutumiza uthenga kwa miyezi ingapo, mpaka anabwereranso kudalira ACE yokalamba ija. Akatswiri anadandaula kwa zaka kuti tsiku lina adzadzuka maso onse atatseka.

Setilaiti siili ngati galimoto yoti upite ku Blantyre ukaloze n'kubwera nayo. Nyumba ya malamulo iyambe yavomereza ndalama, zimene zimatuluka chaka ndi chaka. Kenako boma limalemba zimene likufuna, makampani apikisane. Pa imene munamvayo, mwini wake ndi NOAA, bungwe la boma loona zanyengo, koma amene anayendetsa ntchito yogula ndi NASA. Kontirakiti yomanga thupi la setilaitiyo inapita kwa Ball Aerospace mu 2020, zipangizo zoyezera anapanga ndi ena, ndipo kamera ija inachokera ku Naval Research Laboratory, malo ofufuzira a asilikali a pamadzi a ku America. Inanyamuka mu Seputembala 2025 ndi dzina lakuti SWFO-L1, pa roketi ya Falcon 9, itakwera limodzi ndi chombo china cha NASA chotchedwa IMAP kuti mtengo wa ulendo utsike, matola enieni. Werengani nokha: zaka zisanu kuchokera posaina mpaka ponyamuka. Nawo a ku Ulaya anapatsa Airbus kontirakiti mu 2024 yomanga yawo yotchedwa Vigil, yoti izikaona dzuwa chakumbali, ndipo akuyembekeza kuitumiza mu 2031. Ndiye amene amati agule yatsopano yakale ikafa, amakhala zaka zisanu kapena kuposa ali wakhungu.

Ichi n'chimene chimandipweteka ndikayang'ana kwathu. Mjigo wa m'mudzi mwathu unkalira kwa miyezi, aliyense akumva kuti mpira wa mkati watha. Palibe anagula wina. Tsiku limene unafa m'pamene tinayamba kusonkha, ndipo amayi athu anatunga madzi a m'dambo milungu yambiri, ana akutsegula m'mimba. Pamlingo wa dziko tinaonanso mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira pompano pa Chikwawa: mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo tinakhala mumdima wosinthana kupitirira chaka. Uja sunali mkuntho wa dzuwa, anali madzi, koma unatilawitsa mmene zimakhalira chinthu chachikulu chimodzi chikafa popanda china chodikirira. Thiransifoma yaikulu ikapsa saigula pashopu, amachita kuitanitsa kunja, ndipo kudikira kwake ndi miyezi yambiri.

Nanga Malawi agule yake? Ine ndikuti ayi, ndipo sindikunena monyoza dziko lathu. Dzuwa ndi limodzi. Chimene setilaiti ya pa L1 yaona n'chomwecho kwa wa ku Colorado ndi wa ku Nsanje, ndipo NOAA imaika machenjezo ake pa intaneti kwaulere, pamlingo woyambira G1 (mkuntho wochepa) kufika G5 (woopsa kwambiri). Ngakhale South Africa, imene chuma chake chimatiposa kutali, ilibe setilaiti pa L1. Iwo anamanga malo ku Hermanus, pansi pa bungwe lawo la SANSA, kumene kuyambira 2022 akatswiri amalondera usana ndi usiku, akuwerenga zochokera kumasetilaiti a ena pamodzi ndi zoyezera zawo zapansi, n'kumachenjeza a ndege ndi a magetsi. Ndalama zawo anaziika pa anthu ndi pa zipangizo zapansi.

Ifenso chotifunika ndi chotero, ndipo n'chotsika mtengo. Pakhale anthu ku ESCOM ndi ku dipatimenti yoona zanyengo amene amalandira machenjezowa ndipo akudziwa chochita akafika. Nkhaniyi ikukula tsopano chifukwa cha ntchito yolumikiza magetsi athu ndi a Mozambique, waya wa 400kV wochokera ku Matambo ku Tete kukafika ku Phombeya ku Balaka. Waya ukatalika m'pamenenso umatola kwambiri magetsi osokera amene mkunthowu umabweretsa. Ndiponso GPS tikuidalira kuposa mmene timaganizira. Amene mwadutsa kumene akukumba ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira mwina munaona anyamata ataimika chipangizo cha miyendo itatu, wina akuyenda ndi ndodo yokhala ndi kambale pamwamba. Amayeza kutsetsereka kwa nthaka mpaka pa masentimita. Woyeza wodziwa ntchito akamva kuti lero kuli mkuntho wamphamvu, miyeso ya tsikulo amaibwerezanso, chifukwa ngalande ikalakwika pang'ono madzi sayenda.

Pa za madzi osefukira, achimwene, masetilaiti amene amatithandiza ndi ena, monga a Meteosat a ku Ulaya, amene amaona namondwe akadali panyanja kuseri kwa Madagascar, ndipo zithunzi zake a zanyengo athu amalandira kale. Freddy anamuona akubwera masiku ambiri asanafike. Pamene pamaduka chingwe ndi pansi pano: choyezera madzi pamtsinje chakokoloka osabwezeretsedwa, wa komiti ya ngozi m'mudzi alibe mayunitsi, chimkuzamawu chilibe mabatire, bwato lili kutali. A phungu akabwera ku Bangula, ine funso langa likhala lakuti zoyezera za pa Ruo, pa Mwanza ndi pa Shire zikugwira ntchito zingati, ndipo ndalama zosinthira zikawonongeka zili mu bajeti ya chaka chino kapena ayi. Ngati mudzakhalepo pamsonkhanopo, tidzafunse tonse awiri mvula isanayambe.