Kafukufuku wopanda ndalama: kodi n'kofunika kulemberana ndi yunivesite?

Wapampando wa kopaletivi ina ya alimi a mbatata ya kachewere ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, wafunsa nkhani iyi. Aphunzitsi ena a ku yunivesite akufuna kubwera ndi ophunzira awo kudzayesa mitundu yatsopano ya mbewu m'minda ya mamembala, komanso kufunsa alimi za zokolola ndi mitengo yomwe amagulitsira pa Lizulu. Ndalama za pulojekiti palibe, ndipo aphunzitsiwo akuti poti palibe ndalama, mapepala ndi ongotayitsa nthawi. Kodi n'zoona?

Zikomo a wapampando. Si zoona ayi. Lemberanani, ndipo muchite zimenezi mbewu isanalowe m'nthaka.

Khoti likamaona ngati pali mgwirizano womanga, siliyamba n'kufunsa za ndalama. Limafunsa ngati mbali iliyonse ikuperekapo kanthu kaphindu, ndiponso ngati onse anafuna kuti lonjezolo liwamange pamalamulo. Inu mukupereka munda, thukuta la mamembala, mwina manyowa ndi feteleza. Iwo akupereka mbewu ndi ukatswiri. Choncho ngakhale zapakamwa zokha zikhoza kukumangani, kungoti tsiku la mkangano aliyense adzakumbukira zomukomera, umboni n'kusowa.

Adzakubweretserani chikalata cha kumvana chotchedwa MOU (Memorandum of Understanding). Musatengeke ndi dzinalo, werengani zam'kati. Ma MOU ambiri amakhala ndi mzere wonena kuti chikalatacho sichimanga aliyense pamalamulo, ndipo mukasainira chotero mwangosainira chibwenzi. Uzani aphunzitsiwo kuti ndime zokhudza kuwonongeka kwa mbewu, zinsinsi za mamembala ndi umwini wa zotsatira zilembedwe momveka kuti n'zomanga.

Onaninso amene akusaina. Mphunzitsi payekha, kaya ndi dokotala kaya pulofesa, kawirikawiri alibe mphamvu yomanga yunivesite. Zimenezi zimadutsa kwa akuluakulu a yunivesite, Registrar kapena Vice Chancellor, kapena amene apatsidwa mphamvuzo polemba. Akasaina mphunzitsi yekha n'kudzasamukira kwina, mudzatsala ndi pepala lomwe sukuluyo ikulikana. Kwanunso n'chimodzimodzi: ngati gulu lanu linalembetsedwa pansi pa Cooperative Societies Act ya 1998, likhoza kusaina, kusumira ndi kusumiridwa m'dzina lake. Ngati ndi kalabu chabe yosalembetsa, mlandu udzagwera inu osainanu pamutu panu. Ndipo minda si ya kopaletivi, ndi ya mamembala. Mwini munda aliyense avomere yekha polemba. Amfumu ndi alangizi a zaulimi adziwitsidwe. Ndi ulemu, komanso amenewo adzakhala mboni zanu.

Pamene ndikufuna muchedwepo ndi apa: mbewu yoyeserayo ikakanika, aluze ndani? Kafukufuku ndiye kuyesa, ndipo choyesa chimatha kulephera popanda wolakwa. Mlimi amene wapereka munda wake n'kukolola timbatata tochepa sangapeze chipukuta misozi mosavuta, chifukwa ku khoti ayenera kuonetsa kuti ofufuzawo anachita mosasamala kapena anaphwanya lonjezo. Yunivesite idzanena kuti ilibe ndalama yolipira, ndipo mwina ikunena zoona. Ndiye pemphani zosalira ndalama. Kuyesako kukhale pa kachigawo kakang'ono ka munda, kukula kwake kulembedwe. Mbewu ndi mankhwala a matenda a chiwawu abweretse okha. Zokolola zikatha kuyezedwa pa sikelo zikhale za mwini munda. Koposa zonse, atsimikize polemba kuti mbewuyo inaunikidwa ndipo ilibe matenda. Chiwawu chimawononga nyengo imodzi, koma matenda ofotetsa mbatata amatsalira m'nthaka kwa zaka, ndipo mlimi wa ku Tsangano amene munda wake wagwidwa nawo sangaunyamule kupita nawo kwina. Ngati akukana ndime imeneyi, ine ndikanakhala inu sindikanapereka munda.

Tibwere kwa anthu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 19, amaletsa kuyesera munthu za chipatala kapena za sayansi iye asanavomere. Kafukufuku wofunsa anthu mafunso amayeneranso kuvomerezedwa ndi komiti yoona kuti ofunsidwa asaponderezedwe, pansi pa bungwe la National Commission for Science and Technology lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003. Kusowa ndalama sikuchotsa udindo umenewu. Pemphani kalata ya chilolezocho muione ndi maso. Membala aliyense ali ndi ufulu wokana kuyankha, kapena kusiyira panjira, osachotsedwa m'gulu. Mayina, manambala a foni ndi ndalama zimene munthu amapeza zimatetezedwa ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe amayang'anira ndi a MACRA, bungwe loona za mauthenga ndi matelefoni. Musangopereka kaundula wa mamembala chifukwa wopemphayo ndi wophunzira kwambiri.

Nanga zotsatira n'zandani? Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza wolemba, osati wolima. Popanda ndime yapadera, wophunzira adzalemba buku lake, n'kulandira digiri, inu osaona ngakhale tsamba limodzi. Lembani kuti adzabwera kudzafotokoza zimene apeza m'Chichewa pamsonkhano wa mamembala, kuti mudzaona lipoti lisanatuluke kuti muchotsemo zinsinsi za malonda anu, komanso kuti mtundu wa mbewu ukachita bwino mudzaloledwa kuuchulukitsa. Musafune mphamvu yoletseratu kusindikiza, yunivesite singavomere. Akafuna kutenga mbewu zanu zamakolo kupita nazo kunja, imeneyo ndi nkhani ina yofuna chilolezo cha boma ndi kugawana phindu. Malawi adalowa m'pangano la mayiko lokhudza zimenezi, lotchedwa la Nagoya, m'chaka cha 2014.

Zotsala n'zachidule: tsiku loyamba ndi lomaliza, ndime yoti wofuna kusiya asasiye mbewu ili m'munda, ndi kuti mukasemphana muziyamba mwakambirana pamaso pa mkhalapakati musanathamangire ku khoti. Masamba atatu kapena anayi akwana. Chikalatacho chikabwera m'Chingerezi, chimasuliridwe n'kuwerengedwa pamsonkhano, mamembala avomere ndipo zilembedwe m'maminitsi. Kenako kachionetseni kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa zamalamulo, musanasaine, ndipo kope imodzi yosainidwa ndi kudindidwa itsale m'manja mwanu.