Mwana wanga akufuna kuponya mpira ngati Jennie Finch

Funso: Akonzi, ndine mayi wa ku Ulongwe, ku Angonia. Mwana wanga wamkazi anaonera pa foni Jennie Finch akuponya mpira mozunguza mkono. Tsopano akaweruka kusukulu amangoponya mpira wa nsanza pakhoma la nkhokwe. Akuti masewerawa amafikitsa munthu ku yunivesite. Kodi n'zoona?

Yankho: Mayi, mwanayo sakunama. Masewerawa ndi softball. Woponya amaima mamita pafupifupi 13 kuchokera kwa womenya mpira ndi ndodo, amazunguza mkono wonse, mpira n'kutulukira m'munsi, cha m'chiuno.

Finch anabadwa mu 1980 ku California, ku America, ndipo anayamba kuponya ali ndi zaka 8, bambo ake akumuphunzitsa. Anasewerera University of Arizona kuyambira 1999 mpaka 2002. Mu 2001 anapambana masewera 32 osagonja ngakhale kamodzi, timu yake n'kutenga chikho cha makoleji a dziko lonse. Chimene chimandigometsa ine n'chakuti anafika popambana masewera 60 motsatizana. Mu 2004 anatenga mendulo ya golide ndi timu ya America pa masewera a Olimpiki ku Athens.

Mayunivesite a ku America amalipiriradi maphunziro osewera aluso, ndipo lamulo la Title IX la mu 1972 linatsegulira atsikana mwayi umenewu. Koma amene akulephera m'kalasi saloledwa kusewera.

Kwathu kuno softball sinafale. Musamuletse, koma mumuuzenso za Maria Mutola, wothamanga wa kuno ku Mozambique, amene liwiro linamufikitsa kusukulu ku Oregon, ku America, n'kutibweretsera golide kuchokera ku masewera a Olimpiki a ku Sydney mu 2000. Kakambiraneni ndi aphunzitsi ake a zamasewera, aone kumene mkonowo ungagwire ntchito.