Mng'ono wanu anali mboni chabe, n'chifukwa chake apilo yakukanikani

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mukuti anthu awiri anathyola sitolo ya mng'ono wanu ku Domué usiku, anamuwombera mwendo n'kutenga ndalama zomwe anagulitsa kachewere. Mfuti imene anagwidwa nayo ndi AKM yomwe inasowa kumalo a asilikali, ndipo mmodzi mwa awiriwo ndi msilikali. Khoti lawapatsa zaka ziwiri zokha sabata yatha, ndipo mwamva kuti atuluka chaka chisanathe. Mutapita kukanena kuti mukufuna apilo, kalaliki anangoti inu mulibe mbali pa mlanduwu, n'kubwerera ku mapepala ake. Ndiye mukufunsa ngati panadutsa ndalama.

Za ndalamazo sindingayankhe, kunalibe ine. Koma kalalikiyo, ngakhale anakuyankhani ngati akuthamangitsa nkhuku, mwina sananame. Pamenepo ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndaona milandu yambiri ikufera pomwepa.

Ku Mozambique kuno mlandu wakuba ndi mfuti si wa amene waberedwa. Mwini wake ndi boma, ndipo amene amauyendetsa ndi Ministério Público, ofesi yoimba anthu milandu m'malo mwa boma, kudzera mwa procurador, woimira boma pa mlanduwo. Wovulala akaitanidwa kukhoti amafotokoza zomwe zinamuchitikira, amayankha mafunso, kenako amauzidwa kuti akhale pansi. Anthu ambiri amatuluka m'khotimo ali ndi mtima woti mlandu ndi wawo poti magazi anatayika ndi awo. Pamaso pa lamulo iwo angothandiza boma ndi umboni, basi. Kuti wovulala akhale ndi mawu akeake, ayenera kupempha woweruza mwa kalata kuti amulandire ngati assistente, ndiko kunena munthu woima pambali pa procurador. Pempho limeneli limadutsa mwa loya, ndipo nthawi yake yabwino ndi mlandu usanayambe kuzengedwa. Assistente amatha kupereka umboni wake, loya wake amafunsa mboni mafunso, amadziwitsidwa zigamulo, ndipo ali ndi khomo la apilo, imene m'mapepala mudzaiona italembedwa kuti recurso. Mboni wamba ilibe chilichonse mwa zimenezi.

Zili m'lamulo la kayendetsedwe ka milandu, Lei 25/2019, ndipo zinalimo ngakhale m'lamulo lakale. Chondinyansa n'chakuti pa ulendo wonse, kuchokera kupolisi, kudutsa ku SERNIC, nthambi yofufuza milandu, mpaka kukhoti, munthu amakumana ndi maofesala osachepera asanu, koma kawirikawiri palibe ndi mmodzi yemwe amene amataya mphindi ziwiri kumuuza mawu amodzi amenewa m'chinenero chake. Amamusainitsa pepala la Chipwitikizi n'kumuuza kuti adzamuitana.

M'kalata yanu simunatchule loya paliponse, choncho ndikuganiza kuti mng'ono wanu sanapemphe. Ngati ndi choncho, apilo ya inu nokha ndi yovuta kwambiri tsopano. Loya akaona fayilo akhoza kupeza kampata, koma musagulitsiretu ng'ombe podalira zimenezo. Ndikuuzeninso kuti ngakhale akanakhala assistente, apilo yongodandaula kuti zaka zachepa, procurador osaigwirizana nayo, oweruza amaiyang'ana ndi diso lokayika. Amafuna muonetse chimene chigamulocho chakulandani inuyo.

Khomo lomwe latsala lotseguka ndi la procurador, ndipo likutsekeka tsiku ndi tsiku. Iye ali ndi mphamvu yochita apilo akaona kuti chilango sichikugwirizana ndi kukula kwa mlandu. Nthawi ya apilo imawerengedwa m'masiku, ndi yochepa, ndipo siidikira kuti banja likhale pansi kaye. Sabata yatha kale. Mawa lomwe pitani ndi kalata ku ofesi ya procurador amene anayendetsa mlanduwu, yosainidwa ndi mng'ono wanu, yotchula nambala ya mlandu, yopempha kuti achite recurso ndi kufotokoza zifukwa: mfuti yankhondo, munthu wovulala, kuthyola usiku, ndiponso kuti wina mwa akubawo ndi amene anapatsidwa ntchito yosunga zida za dziko. Mupite ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsikulo mubwerere nayo. Akakuzengerezani, kalata yomweyo ipite ku Procuradoria ya chigawo mumzinda wa Tete, chifukwa ma procurador amayankha kwa akuluakulu awo. Sindikulonjezani kuti avomera. Akhoza kuwerenga n'kunena kuti chilangocho chili bwino.

Mwina wina akuuzani kuti musadandaule, akubawo achita okha apilo ndiye khoti lalikulu likawawonjezera zaka. Musadalire zimenezo. Apilo ikachokera kwa wopezeka wolakwa yekha, kawirikawiri khoti lapamwamba silimuwonjezera chilango. Likhoza kuchisiya momwemo kapena kuchichepetsa.

Musanakwiye kwambiri ndi zaka ziwirizo, pezani kope ya chigamulo chonse, osati zomwe munamva pakhonde. Muone kuti awiriwa anapezeka olakwa pa mlandu uti. Ndakumanapo ndi nkhani zomwe banja limakhulupirira kuti munthu waweruzidwa pa kuba ndi kuwombera, pomwe pepala likunena za kupezeka ndi mfuti kokha, chifukwa umboni wa usikuwo unagwa: wovulala sanamuone nkhope bwino, chikalata cha kuchipatala sichinalowe mufayilo, kapena chipolopolo sichinayezedwe kuti chinachokadi m'mfuti imeneyo. Ngati kuba ndi kuvulazako khoti linakuzenga n'kuwapeza osalakwa, munthu saweruzidwa kawiri pa nkhani imodzi, ndipo njira ndi apilo yokhayo. Ngati sikunalowe n'komwe pa milandu yomwe anawazenga, loya aone ngati dandaulo latsopano lingatheke, ndipo ulendo uno mng'ono wanu alowe ngati assistente kuyambira pachiyambi. Zoti atuluka msanga zisakudabwitseni: miyezi imene munthu wakhala m'ndende podikira mlandu imachotsedwa pa chilango chake.

Mwafunsanso chifukwa chake msilikali sanapite ku khoti la asilikali. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amalola makhoti a asilikali pa nthawi ya nkhondo yokha, ndiye masiku ano msilikali amaweruzidwa m'makhoti omwewa ngati wina aliyense. Chilango cha kuntchito kwake ndi nkhani ina ya akuluakulu ake.

Tsopano za amalume anu. Mwalemba mongodutsa kuti abale a msilikaliyo anabwera ndi mbuzi ndi kandalama, amalume n'kulandira "kuti pakhale mtendere". Mlandu wa mfuti suthera pabwalo la amfumu kapena ku khoti la m'mudzi, ndipo kukhululuka kwa banja sikuuimitsa. Koma loya wa mbali inayo sangalephere kuuza woweruza kuti wolakwa anapepesa ndipo anabweza zina, ndipo zotere zimapeputsa chilango. Sindikunena kuti mbuziyo ndiyo yabala zaka ziwiri, koma sindingadabwe kuipeza itatchulidwa m'chigamulo. Auzeni amalume asalandirenso kanthu, ndipo asasaine pepala lililonse.

Zotsalazi ndi zachidule. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, mutanyamula chitupa ndi kalata yotsimikiza kuti ndinu ovutika. Chigamulo chikakhala cha khoti laling'ono la distrito, apilo imapita ku khoti la chigawo ku Tete. Chikakhala cha khoti la chigawo, imapita ku Tribunal Superior de Recurso ku Beira, choncho yembekezani kuti zitenga nthawi. Sungani malisiti onse a kuchipatala, a mankhwala ndi a galimoto, pamodzi ndi buku la m'sitolo, chifukwa chipukuta misozi chimafuna manambala. Chimayenera kupemphedwa mkati mwa mlandu womwewo; muone ngati chigamulo chatchulapo kanthu, ndipo ngati palibe, loya akuuzeni ngati mlandu wapadera wofuna malipiro ukadali wotheka. Zosumira boma poti mfuti inali yake ndi njira yaitali, ndipo boma lidzayankha kuti msilikaliyo sanali pantchito usiku umenewo. Mng'ono wanu akaitanidwanso, apemphe womasulira, ndi ufulu wake. Wina akayamba kumuopseza, akanene kupolisi ndi kwa procurador tsiku lomwelo, mwa kalata.

Fayilo isanatsekedwe, funsani kukhoti tsiku lenileni limene nthawi ya apilo ikuthera, ndipo mulilembe pamwamba pa kalata yopita kwa procurador.